Chotupa chachoka koma mwana wasintha: zimene zimachitika ubongo wa kunkhongo ukavulala

Pali chinthu chimene chimachitikira ana ena akachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa kumbuyo kwa mutu, ndipo makolo ambiri chimawapeza asanachimvepo n'kamodzi komwe. Mwana amatsitsimuka bwinobwino, n'kuitana amayi ake, mwinanso kupempha madzi. Abale amayamba kuimbirana mafoni kuti zonse zayenda bwino. Koma pakapita tsiku limodzi kapena awiri, mawu aja amayamba kuchepa mpaka kutheratu. Chimene chimatsala ndi kulira kofuula kosatonthozeka. Mwana amadzipinda pabedi atatsinzina, safuna kukhudzidwa, thupi lili lendee, dovu likutuluka chifukwa kumeza kukumuvuta. Ukamupatsa chinthu amachikankha, ukamulanda amalira kwambiri. Apa ndi pamene mayi amatembenukira kwa dokotala n'kunena kuti, "Adokotala, mwanayu si uja ndinabwera naye."

Madokotala amalitcha vutoli cerebellar mutism syndrome, ena amati posterior fossa syndrome. Mu 1985 dokotala wa opaleshoni ya ubongo wa ku America, Harold Rekate, ndi anzake analemba za ana 6 amene anasiya kulankhula mwanjira imeneyi, ndipo kuchokera pamenepo zipatala zambiri zinayamba kuliona vutoli. Mu 2006 Patricia Robertson ndi anzake a gulu lofufuza khansa ya ana la Children's Oncology Group anatulutsa zimene anapeza atatsatira ana 450 ochotsedwa chotupa cha mtundu wa medulloblastoma. Ana 107 mwa iwo anakhudzidwa, kutanthauza pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 4 alionse. Kwa anthu akuluakulu sizichitika kawirikawiri. Ndi vuto la ana.

Kusalankhulako kumatha. Chimene chimakhalitsa, chomwenso anthu samachimvetsa, ndi kusintha kwa mtima ndi khalidwe la mwanayo. Ndipo apa mpamene mwana amalakwiridwa kwambiri, chifukwa mwendo ukamakoka aliyense amaona kuti ndi matenda, koma mwana akamalusa kapena kutukwana alendo, anthu amati ndi mwano, kapena amati makolo amusasatitsa chifukwa chodwala.

Kaubongo kamene kali kunkhongo

Mukagwira kumbuyo kwa mutu wanu, pamwamba pang'ono pa pamene khosi lathera, mkati mwa fupa limenelo muli kagawo ka ubongo kotchedwa cerebellum. Ndi kakang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ubongo wonse. Koma gulu la Suzana Herculano-Houzel ku Brazil litawerenga maselo a ubongo mu 2009, linapeza kuti mwa maselo otumiza mauthenga pafupifupi 86 biliyoni amene munthu ali nawo mu ubongo, 69 biliyoni ali m'kagawo kameneka.

Kwa ana, pafupifupi theka la zotupa za mu ubongo zimamera kudera limeneli. Zodziwika kwambiri ndi zitatu. Medulloblastoma, imene Percival Bailey ndi Harvey Cushing anaipatsa dzina mu 1925, ndi khansa yokula msanga ndipo kawirikawiri pamafunika opaleshoni, radiotherapy (kupha maselo a khansa ndi cheza champhamvu) ndi mankhwala a khansa. Pilocytic astrocytoma imakula pang'onopang'ono ndipo nthawi zambiri ikachotsedwa yonse nkhani imathera pomwepo. Yachitatu ndi ependymoma. Malowa ndi opanikizika, ndipo m'menemo mumadutsa njira ya madzi a mu ubongo. Chotupa chikatseka njirayo madzi amadzadzana m'mutu, ndipo mwana amayamba kudandaula mutu makamaka m'mawa, kusanza, kudzandira poyenda, mwinanso kuona zinthu ziwiriziwiri. N'zosavuta kuganiza kuti ndi malungo kapena m'mimba, moti ana ambiri amafika kwa dokotala woyenera chotupa chitakula kale.

Kwa zaka zoposa 150 madokotala ankaphunzitsidwa kuti ntchito ya kagawoka ndi imodzi yokha, kuwongolera kayendedwe ka thupi. Pierre Flourens wa ku France anasonyeza mu 1824 kuti nkhunda ikachotsedwa cerebellum sifa ziwalo, koma imalephera kuima ndi kuuluka molongosoka. Mu 1917 Gordon Holmes analemba mwatsatanetsatane za asilikali a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amene zipolopolo zinawalasa kunkhongo, ndipo njira zambiri zimene madokotala amapimira odwalawa lero zinachokera kwa iye. Dokotala amauza mwana kuti akhudze mphuno yake ndi chala, kenako akhudze chala cha dokotalayo, abwererenso kumphuno. Mwana wovulala kagawoka mphamvu ali nazo, maso akuona, ndipo akudziwa bwino kumene akufuna kufika. Koma chala chimapitirira, n'kubwerera, n'kupereweranso, chikunjenjemera kwambiri pamene chikuyandikira. Chasokonekera ndi muyeso.

Muyeso womwewo umagwiranso ntchito pa mtima

Munthu amene anasintha kaganizidwe ka madokotala pa nkhaniyi ndi Jeremy Schmahmann, yemwe anaphunzira udokotala ku University of Cape Town ndipo amagwira ntchito ku Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston. Mu 1998 iye ndi Janet Sherman anafotokoza za odwala 20 amene vuto lawo linali mu cerebellum mokha. Anapeza kuti kuwonjezera pa kudzandira, ambiri ankavutika kukonza dongosolo la zochita ndi kusintha maganizo zinthu zikasintha, ankavutika kukopera chithunzi kapena kuzindikira mmene zinthu zakhalira pamalo, mawu oyenera ankawasowa polankhula, ndipo khalidwe lawo linali litasintha. Ena anangozizira, osasangalala, osadandaula. Ena anasiya kuchita manyazi, ankaseka posayenera ndi kuchita zachibwana. Vutoli analitcha cerebellar cognitive affective syndrome, ndipo masiku ano ambiri amangolitchula ndi dzina la Schmahmann.

Mfundo yake ndi yakuti cerebellum imachita ntchito imodzi yomweyo pa chilichonse chimene chadutsamo. Siyambitsa kuyenda kwa dzanja, siyambitsanso mkwiyo kapena chisoni. Imangoonetsetsa kuti chimene chayambacho chafika pa mlingo woyenera malo ndi nthawi. Zili ngati dzanja la mayi wodziwa kuphika likamathira mchere m'ndiwo: saganiza n'komwe, koma limadziwa kuti kamphika aka n'kotere, mphika uwu n'kotere. Muyeso umenewo ukatayika, mchere ndi womwe uja, koma lero ndiwo zawawa, mawa zilibe mchere n'komwe.

Taonani mwana wa zaka 8 amene wabwerera kunyumba patatha miyezi iwiri ali m'chipatala. Akulemba, ndiye pensulo yathyoka. Mwana aliyense angakhumudwe pang'ono. Iyeyu akukuwa, akuponya kope, akudzigwetsa pansi, akumenya mlongo wake amene wabwera kudzamuthandiza. Pakatha mphindi 10 wadzuka, akupempha chakudya ngati palibe chachitika, ndipo mukamufunsa chifukwa chake sakudziwa choyankha. Chifukwa chokhumudwira chinalipo ndithu. Kukula kwa mkwiyowo ndiko sikunagwirizane ndi kukula kwa nkhani, monga momwe chala chija chimapitirira mphuno.

Zimatheka bwanji kuti kagawo ka kunkhongo kakhudze khalidwe lomwe timadziwa kuti limawongoleredwa kutsogolo kwa ubongo? Yankho lili m'mitsempha yolumikiza. Mu 1994 Frank Middleton ndi Peter Strick, pofufuza ubongo wa anyani, anasonyeza kuti mauthenga ochokera mu cerebellum samathera ku mbali yoyendetsa minofu yokha, koma amafikanso kutsogolo kwenikweni kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, kumene munthu amaganizira zochita ndi kudziletsa. Njira yake imayambira pa kachigawo ka mkati kotchedwa dentate nucleus, n'kukwera kudzera m'mtolo wa mitsempha wotchedwa superior cerebellar peduncle, n'kuwolokera mbali ina, n'kudutsa pa kachigawo ka pakati pa ubongo kotchedwa thalamus, n'kukafika kutsogoloko. Mitolo iwiri imeneyi, wakumanja ndi wakumanzere, ili m'mphepete mwenimweni mwa malo amene medulloblastoma imakonda kumera. Dokotala ngakhale atasamala chotani, pochotsa chotupa chachikulu chomwe chamatirira pamenepo, mitsemphayo imatha kukokeka, kutupa kapena kuvulala. Zikatero, mbali ya kutsogolo ya ubongo, yomwe mpeni sunaikhudze n'komwe, imafooka chifukwa mauthenga amene inazolowera kulandira asiya kubwera. Zithunzi za ubongo wa ana osalankhulawa zimasonyeza magazi akuyenda mochepa kutsogoloko, ndipo amawonjezekanso mawu akamabwerera. Za chifukwa chimene kusalankhulaku kumayambira patapita tsiku limodzi kapena awiri osati pomwepo, akatswiri akukambiranabe, ndipo ambiri amaloza kutupa kumene kumabwera opaleshoni itatha.

M'chaka cha 2000 munatuluka mafukufuku awiri a ana okhaokha. Ku Boston, Lisi Levisohn pamodzi ndi Alice Cronin-Golomb ndi Schmahmann anapima ana 19 ochotsedwa zotupa amene sanalandire radiotherapy ya kumutu, kuti pasakhale chonamizira china, ndipo anapeza mavuto omwe aja amene Schmahmann ndi Sherman anafotokoza. Ku Milan, Daria Riva ndi Cesare Giorgi anaona kuti mbali imene yavulala ili ndi kanthu. Chotupa cha kumanja chinkakhudza kwambiri chilankhulo, cha kumanzere chinkakhudza kuzindikira maonekedwe ndi malo a zinthu. Magulu onse awiri anagwirizana pa chinthu chimodzi: kachigawo ka pakati pa cerebellum kotchedwa vermis kakavulala, mtima ndi khalidwe ndizo zimasokonekera kwambiri, kuyambira kupsa mtima msanga mpaka kudzipatula kofanana ndi kwa ana a autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kucheza ndi kumvana ndi anthu.

Masabata a chete, ndi zimene zimatsatira

Mwana amene wasiya kulankhula amamva, ndipo ambiri amamvetsa zimene zikunenedwa. Ichi ndikufuna aliyense woyang'anira wodwala wotere achisunge. Musakambirane pamutu pake kuti mwina sadzalankhulanso, kapena kuti ndalama zatha chifukwa cha iye. Muuzeni kuti mawu ake abisala chifukwa cha opaleshoni ndipo adzabwerera. Gwirizanani naye njira yoyankhira, kaya kufinya dzanja kamodzi ngati akuti eya, kaya kuphethira, kaya kuloza chithunzi cha kapu kapena cha chimbudzi chimene mwajambula pakapepala. Kulira kwina kumachepa mwana akangopeza njira yonenera kuti akufuna kukodza. Pomudyetsa akhale tsonga, ndipo akamatsamwa kapena kutsokomola pomeza, uzani anamwino msanga, chifukwa chakudya chikalowera ku mapapo chimabweretsa chibayo.

Kusalankhulaku kumatenga masiku ochepa kwa ena, mwezi umodzi kapena iwiri kwa ambiri, ndipo kwa ena miyezi ingapo. Mawu amabwerera limodzilimodzi, okokakoka, osakwera osatsika, nthawi zina otulukira m'mphuno. Madokotala ayesapo mankhwala monga bromocriptine, zolpidem ndi fluoxetine pa ana ochepa, koma palibe amene atsimikizika kuti amachiza vutoli. Asinthanso njira yolowera pochita opaleshoni kuti asang'ambe vermis, komabe vutoli silinatheretu. Chimene chimathandiza ndi nthawi, afizo, ndi akatswiri ophunzitsa kulankhula ndi kumeza kumene alipo. Ine ndimaona kuti makolo ayenera kuuzidwa za vutoli opaleshoni isanachitike, ngakhale kuti n'zoopsa kumva. Kholo lochenjezedwa limachita mantha, koma silithawa ndi mwana m'chipatala poganiza kuti madokotala amuwononga kapena kuti kwalowa dzanja la munthu.

Kale madokotala ankati vutoli ndi losakhalitsa chifukwa mawu amabwerera. Atayamba kuwatsatira anawa kwa zaka, anaona kuti ambiri amatsala ndi zina. Pali mtima wapachala uja. Pali kusinthasintha, kuseka tsopano, kulira tsopano. Pali mphwayi, ndipo iyi imaphonyedwa kwambiri chifukwa sivutitsa munthu: mwana amene ankatsogolera anzake kumasewera angokhala duu pakhonde tsiku lonse, osapempha kanthu, osayamba chilichonse mpaka wina amudzutse. Anthu amati wasanduka waulesi, kapenanso amamuyamikira kuti wafatsa. Pali kusadziletsa, kulanda zinthu, kuuza mlendo kuti ndi wonenepa, kukumbatira munthu wosamudziwa. Palinso kuchedwa kuganiza, kumene kumapha ubwenzi mwakachetechete. Anzake akamachezerana, nthabwala imadutsa iye asanaimve, akamafuna kuyankha nkhani yasintha kale, ndipo nkhope ya mnzake ikasonyeza kuti watopa naye iye saona. Pakutha chaka amapezeka akusewera ndi ana ang'onoang'ono, kapena yekha.

Ena amaseka kapena kulira popanda chimene akumva mumtima. Mwana akhoza kuphulika kuseka pamaliro a agogo ake, iye ali ndi chisoni ngati wina aliyense, osatha kuleka. Kumukalipira pagulu kumangowonjeza. Ndi bwino kumutengera pambali mpaka zidutse.

Si chotupa chokha

Zambiri mwa izi zimaonekanso mwana akavulala mutu, kaya wagundidwa ndi galimoto, wagwa pa kabaza, wagwa mumtengo wa mango kapena wamenyedwa. Apa mbali imene imavulala kawirikawiri ndi ya kutsogolo yeniyeniyo, chifukwa imakhala pamwamba pa mafupa okakala a kuseri kwa maso, ndipo mutu ukagunda mwamphamvu ubongo umakhulika pamenepo, mitsempha yaitali yolumikiza mbali zosiyanasiyana n'kuduka. Njira ndi yomwe ija, yangodukira kumapeto ena. Jeffrey Max, dokotala wa matenda a maganizo a ana ku America amene watsatira ana ovulala mutu kwa zaka zambiri, anapeza kuti kusintha kwa khalidwe n'kofala kwambiri kwa ovulala kwambiri kuposa ovulala pang'ono, ndipo kumaonekera kwambiri m'kusinthasintha kwa mtima, ndewu ndi kusadziletsa. Ana ena amene kale ankakhazikika amayamba kupulupudza ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi.

Pali chikhulupiriro chakuti mwana wamng'ono amachira bwino kuposa wamkulu chifukwa ubongo wake ukadali wanthete. Chinachokera ku ntchito ya Margaret Kennard pa anyani m'zaka za m'ma 1930, ndipo pa kayendedwe ka thupi chili ndi choonadi chake. Koma Vicki Anderson ndi anzake ku Melbourne, atatsatira ana ambiri ovulala ubongo, anapeza kuti amene anavulala kwambiri ali aang'ono, asanayambe sukulu, ndiwo amatsalira kwambiri pa nzeru ndi pa khalidwe. Wamkulu amataya luso limene anali nalo kale ndipo amatha kuliphunziranso. Wamng'ono amavulala pa chipangizo chomwe chimayenera kumangira lusolo. Ndiponso mbali ya kutsogolo ya ubongo imakhwima mochedwa, mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mwana wa zaka 4 sayembekezeka kudziletsa kwambiri, choncho chilema chake chimabisala. Chimadzaonekera ali ndi zaka 12 kapena 14, anzake atayamba kudzisunga, iye ayi. Pofika nthawi imeneyo ngozi ija aliyense anaiiwala, chipsera chinameranso tsitsi, ndipo palibe amene amalumikiza ziwirizi.

Kwathu kuno chimodzi mwa zinthu zazikulu zovulaza ubongo wa ana ndi malungo a mu ubongo. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayambitsa kafukufuku wa malungowa m'zaka za m'ma 1980, Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 amene anapulumuka atakomoka ndi malungo, n'kuwayerekeza ndi ana 264 amene sanakomoke. Zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Mwa opulumukawo, 12 anayamba kudwala khunyu ndipo 14 anayamba khalidwe losokoneza, pamene mwa ana 264 aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene zinamuchitikira. Richard Idro ndi anzake ku Uganda anafotokozanso za ana opulumuka malungowa amene anayamba ndewu, kuwononga zinthu, kuthawa pakhomo ndi kudzivulaza. Ndiye kuti m'midzi yathu muli ana ambiri otchedwa nkhutukumve amene vuto lawo linayambira pa bedi la chipatala.

Sindidabwa kuti mabanja ena amaganiza zoti mwana amulodza. Munthu amene umamudziwa bwino akasintha ngati walowedwa ndi wina, maganizo amathamangira kumeneko. Kupemphera ndi mwana n'kwabwino ndipo kumalimbitsa banja. Chimene sindingachivomereze ndi kumumanga, kumusalitsa chakudya, kumutema mphini, kapena kumuuza pamaso pake kuti ali ndi ziwanda. Mwana amene ubongo wake wavulala amadziwa kale kuti china chake chalakwika mwa iye ndipo amachita nacho mantha.

Musanati ndi ubongo basi

Palinso ngozi ina, yonamizira chilichonse kuvulala kuja n'kuphonya zinthu zochizika. Mwana amene anaikidwa kachubu kotulutsa madzi m'mutu akayamba mwadzidzidzi kulusa, kugona kwambiri, kudandaula mutu kapena kusanza, kachubuko kakhoza kukhala kuti katsekeka, ndipo imeneyo ndi nkhani yothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro zomwezi zikhoza kutanthauzanso kuti chotupa chabwerera. Khunyu silimangokhala logwetsa pansi. Lina limangochititsa mwana kuyang'ana malo amodzi kwa kanthawi osayankha, mwina akutafuna pakamwa palibe kanthu, kenako n'kukhala wosokonezeka ndi wokwiya.

Mankhwala nawo ali ndi mbali yake. Dexamethasone, amene amaperekedwa pochepetsa kutupa kwa ubongo, amapatsa mwana njala yosatha, kusowa tulo ndi kulusa, ndipo izi zimatha mankhwalawo akachepetsedwa. Phenobarbital, amene zipatala zathu zimapereka kwambiri pa khunyu, amachititsa ana ena kupulupudza ndi kupsa mtima. Levetiracetam amatha kuchita chimodzimodzi. Koma mankhwala a khunyu sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa mwana akhoza kukomoka kosalekeza. Kauzeni adokotala kuti asinthe mlingo kapena mtundu. Cisplatin, amodzi mwa mankhwala a medulloblastoma, amawononga makutu, moti mwana amene mukuti sakumvera akhoza kukhala kuti sakumva ndithu. Radiotherapy ya kumutu ndi kumsana imatha kufooketsa tiziwalo totulutsa mahomoni, kuphatikizapo chithokomiro, ndipo mwana amangokhala wotopa, osakula bwino, ngakhale patapita zaka. Izi zimapimidwa m'magazi ndipo mankhwala ake alipo.

Tisaiwalenso kuti mwana ameneyu wadutsa m'zoopsa. Wabayidwa majakisoni osawerengeka, wameta tsitsi, waona ana anzake a pa bedi loyandikana akumwalira, wabwerera kusukulu n'kupeza anzake apita kalasi ina. Chisoni ndi mantha otere zingasinthe mwana ngakhale ubongo wake uli bwinobwino.

Kulera mwana wotere

Mkwapulo umadalira zinthu ziwiri: kuti mwana akumbukire ululu wa dzulo pa nthawi imene mkwiyo wa lero ukubwera, ndiponso kuti athe kudziimitsa. Zinthu ziwirizi ndi zomwe zavulala. N'chifukwa chake makolo amadandaula kuti amamumenya tsiku lililonse koma sasintha. Mwana amangophunzira mantha ndi kubwezera, ndipo kumenya mutu wovulala kale ndi ngozi ina payokha. Koma sindikunena kuti mumulekerere. Mwana amene banja lonse limamuopa ndi kumupatsa chilichonse akangolira amakula wosakhalika ndi anthu, ndipo azibale ake amamuda. Malire akhalepo, ochepa, omveka, osasintha kuchokera kwa bambo kupita kwa mayi.

Akatswiri monga Mark Ylvisaker, amene anagwira ntchito yaikulu ndi ana ovulala ubongo m'masukulu a ku America, ankatsindika kuti mphamvu zambiri ziziikidwa pa zimene zimachitika mkwiyo usanayambe, osati pa chilango cha pambuyo. Mukaonetsetsa mupeza kuti kulusako kuli ndi nthawi zake. Kawirikawiri kumabwera mwana akatopa, akamva njala, pakakhala phokoso ndi anthu ambiri, kapena dongosolo likasintha mosamuchenjeza. Ubongo wovulala umatopa msanga kwambiri, moti ntchito imene mnzake amaichita osaganiza iye amaitulukira thukuta. Kugona masana kwa ola limodzi kumachotsa ndewu zambiri za madzulo. Pomutuma, mutume chinthu chimodzi. "Tenga ndowa" ndi zokwanira. "Tenga ndowa, ukatunge madzi, pobwera uitane achimwene ako" zimamusokoneza, ndipo amaima pakati pa bwalo n'kuyamba kulira. Ngati mawa mukupita kuchipatala kapena kukubwera alendo, muuzeni lero, mubwerezenso m'mawa. Mkwiyo ukayamba, si nthawi yophunzitsa mwambo. Chotsani zimene zingamuvulaze, chepetsani mawu, khalani pafupi. Mukambirane atakhazikika, mwachidule, ndipo ngati waswa kapena wamwaza chinthu, athandize kukonza. Wa mphwayi uja amafuna womuyambitsira: osamufunsa ngati akufuna kusewera, ingomupatsani mpira m'manja n'kuyamba naye.

Kusukulu, chofunika koyamba ndi chakuti aphunzitsi adziwe. Kholo lipite lokha likafotokoze, ndi kalata ya kuchipatala ngati ilipo, chifukwa m'kalasi ya ana ochuluka mwana wochedwa kukopera zapabolodi amangoonedwa ngati waulesi. Ayambe ndi theka la tsiku. Akhale kutsogolo, apatsidwe nthawi yowonjezera polemba, ndipo aloledwe kutuluka pang'ono akamva kuti mtima wayamba kutentha. Aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi, angathandize kumene akupezeka. Ndipo chaka chilichonse akasintha kalasi, nkhaniyi ifotokozedwenso kwa mphunzitsi watsopano, ngakhale patapita zaka zisanu chichitireni opaleshoni.

Kodi amachira? Ambiri amasintha ndithu. Kulusa koopsa kwa masabata oyamba kumachepa, ndipo kusintha kwakukulu kumaoneka m'chaka choyamba ndi chachiwiri, kenako n'kumapitirira pang'onopang'ono. Ana a pilocytic astrocytoma amene sanafunike radiotherapy ambiri amamaliza sukulu n'kudziimira paokha, ngakhale kuti ena amatsala ndi kuchedwa pang'ono. Amene anakhala nthawi yaitali osalankhula, amene anali aang'ono kwambiri, ndi amene analandira radiotherapy ya mutu wonse ndiwo amafuna thandizo la nthawi yaitali.

Zaka za unyamata ndi utsikana zimafuna diso lapadera. Ndi pamene mwana amazindikira bwino kusiyana kwake ndi anzake, ndipo matenda a kukhumudwa ndi nkhawa amachuluka pakati pa opulumuka zotupa ndi ngozi za mutu. Wachinyamata akayamba kudzitsekera, kusiya kudya, kapena kunena kuti bwenzi atangofa pa opaleshoni paja, musazitenge ngati zonena za ana. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumuika maganizowo, ndipo mupite naye kwa azaumoyo oona za maganizo pa chipatala cha boma lanu kapena malo ngati St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pali mankhwala othandiza kukhumudwa, kusakhazikika ndi ndewu yoopsa, ngakhale kuti pa ubongo wovulala amayambidwa pa mlingo wochepa ndipo amafuna kuyang'aniridwa.

Pa tsiku lokaonana ndi adokotala, nthawi imakhala yochepa ndipo mafunso amakonda kuthera pa chilonda, mutu ndi kayendedwe. Za khalidwe muziyambitse nokha. Zimathandiza kusunga kope laling'ono n'kumalemba tsiku limene mwana walusa, nthawi yake, chimene chinachitika asanayambe, kutalika kwake, mmene anagonera usiku wathawo ndi mankhwala amene anamwa. Lembaninso ngati anangoti duu osayankha, ndi zimene aphunzitsi anena. Ndi kope limenelo dokotala amatha kusiyanitsa khunyu, vuto la mankhwala, kutopa ndi kachubu kotsekeka, ndipo amadziwa ngati pakufunika kujambulanso mutu.